Kunyanja Kapena Kuphiri

Ku Valparaíso nyumba zimakwera phiri
zitaberekana, ina pamsana pa inzake,
malata a utoto wachikasu, matabwa ouma gwa,
ndipo mphepo ikalusa mu Januwale
moto sufunsa njira.

Sabata yanga yoyamba kwa ozimitsa moto
Kaputeni Quilodrán anandiimika pamasitepe a Cerro Cordillera.
Loza kumanzere, anatero mayiyo.
Ndinaloza.
Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso:
Kumanzere kwa yani?
Mu utsi, mnyamata iwe, mulibe manja.
Kumunsi kuli nyanja, kumtunda kuli phiri.
Uzinena zimenezo basi.

Sakuwa mayiyu, ndipo zinkandizunguza mutu.
Bambo anga, amene anakalambira padoko akusenza katundu,
ankati bwana wosakuwa ndi bwana wogona.
Koma Quilodrán amayamba ndi dzina lako,
n'kudikira pang'ono kuti khutu litseguke,
kenako mawu anayi, mwina asanu,
kenako: Bwereza.
Ndipo umabwereza, manyazi ali tho
ngati mwana wolakwa masamu pabolodi.

Usiku wa Loweruka lija
moto unayambira mumabulugamu, kuseri kwa dzala.
Ine ndi Baldomero tinakoka paipi
kukwera nayo kanjira kopapatiza,
agalu akutsika, anthu akutsika,
wina atasenza matiresi, wina khola la mbalame lopanda mbalame.
Madzi ankagunda malata n'kusanduka nthunzi.

Kenako kutentha kunasamuka tsaya.
Kunali kuno, kwabwera uku.
Ndinali nditangotha miyezi inayi m'gululo.
Ndani angamvere mwana wa miyezi inayi?
Chala chinanjenjemera pabatani la wailesi.

Kaputeni, ndine Ulloa.
Mphepo yatembenuka. Ikuchokera kuphiri.

Zii.
Masekondi awiri, otalika ngati msewu wa ku Santiago.

Ulloa, ndamva. Mphepo ikuchokera kuphiri.

Anabwereza mawu anga.
Iye, wa mizere itatu paphewa,
anabwereza ngati ndine ndamulamula.
Ndiyeno, ndi liwu lomwe amaitanira tiyi:
Nonse a m'kanjira, siyani paipi.
Tsikirani kunyanja. Bwerezani.

Pakamwa pasanu ndi pawiri panabwereza,
aliyense ndi dzina lake, aliyense ndi chifuwa chake cha utsi.
Baldomero anatukwana kaye, koma anabwereza.

Tinasiya paipi.
Tisanafike pamsewu waukulu, pomwe tinaima paja
panali patafiira psuu.
Nyumba zitatu zinapita,
imodzi ya wosoka nsapato, Don Evaristo,
ndi mandimu ake a m'chigubu chapakhomo.

Kutacha tinakhala pansi pa simenti,
buledi wozizira, tiyi wa m'makapu achitsulo,
nkhope zonse zofanana ndi mwaye.
Anavula chipewa n'kuchiika pabondo.
Ndiyambe ine, anatero.
Ndinauza galimoto yachiwiri kuti ibwere posachedwa.
Posachedwa si nambala.
Ndikanati mphindi zisanu.
Mwina nyumba imodzi ikanatsala.

Palibe anamutonthoza, ndipo sanafune.
Anazungulira mmodzimmodzi: Unamva chiyani? Sunamve chiyani?
Nélida anati wailesi yake imadula mawu oyamba.
Analemba.
Baldomero anati paipi ija inali yatsopano.
Analembanso, osamwetulira.
Atafika pa ine anangoti:
Ulendo wina usamadikire chala chileke kunjenjemera.

Don Evaristo mpaka lero sandipatsa moni.
Amasokera m'chipinda cha mlongo wake kumunsi kwa msika,
ndikadutsa amaweramira chidendene cha nsapato.
Sindimuimba mlandu.

Koma pakhoma la siteshoni pali misomali isanu ndi iwiri
ya gulu lathu,
ndipo m'mawa uja ndinaiwerenga kawiri:
uliwonse unali ndi chipewa chake,
chikudontha madzi akuda.

Dzulo kwabwera mtsikana watsopano, Amaranta.
Ndamutengera pamasitepe aja.
Ndamuuza kuti aloze kumanzere.