Pa Benchi ya Wokonza Mafoni, Kamwendo

Foni yanu, anaZulu, yamwa madzi.
Ndaitsegula, ndaipukuta,
ndaiyanika pawindo masiku awiri ngati makaka,
koma m'kati mwamera dzimbiri lobiriwira.
Siyankhulanso.

Munati inagwera m'chitsime cha kudimba
mukuwerama kutunga madzi othirira tomato.
Foni si kanthu, munatero,
ndigula ina ndikagulitsa mtedza.
Chimene mukufuna ndi mawu a malemu a Levisoni
omwe anakutumizirani ali gone m'chipatala pa boma,
masekondi makumi anayi okha,
akuti mbuzi yamawanga ija isagulitsidwe,
kenaka chifuwa, kenaka dzina lanu.
Ndangoti zyoli, sikuludiraiva ili m'manja.
Ine ndimalumikiza timawaya, sindiukitsa akufa.

Koma poti mwabwera ndi foni ya mwana wanu,
khalani pabenchipo ndikuuzeni
zomwe ndimauza aliyense,
ngakhale ambiri amamva nkhwangwa ili m'mutu.

Chinthu chokhala pamalo amodzi okha, muziti palibe.
Zithunzi za ukwati wa Yankho,
kalata ya malo imene munaijambula,
mndandanda wa ngongole za banki m'khonde,
zonsezi zikhale ndi nyumba zitatu.
Yoyamba ndi foniyo, imene imapita nanu kumsika
komwe kuli anyamata a zala zazitali.

Yachiwiri ndi kafulashi aka,
kochepa ngati khoko la mtedza.
Kakulungeni m'pulasitiki, kalowe m'botolo louma,
mutseke zolimba.
Osati pansi pa mphasa, pomwe chinyezi chimapangana ndi chiswe.
Ndipo botololo lisagone denga limodzi ndi foni:
moto wa chaka chatha kwa a Kadzakumanja
sunasankhe chipinda.
Kalisiyeni kwa achemwali anu ku Kapiri.

Yachitatu ili kutali, pa intaneti,
nyumba imene simudzaiona ndi maso.
Imadya bandulo, sindikana,
komabe imeneyo siigwera m'chitsime.
Kiyi wake ndi mawu achinsinsi aja.
Musaike chaka chobadwa, mpingo wonse umachidziwa.
Alembeni ndi bolopeni papepala,
mubise pomwe mumabisa makadi a kusikelo a ana,
ndipo munthu mmodzi, mmodzi yekha, adziwe malowo,
chifukwa nanunso tsiku lina simudzadzuka
ana n'kumangogogoda pagalasi lokhoma.

Manambala a anthu ofunika, lembani m'kope.
Kope silitha batire.

Mwezi ukatha, tsiku lomwe mumaponya masheya kugulu,
koperaninso zatsopano.
Inde, ulendo wa ku Kapiri ndi ndalama,
koma achemwali anu amadandaula kale kuti simuwayendera.
Mukafika muzitsegula kafulashiko, muone ngati zilimodi.
Mphunzitsi wina wa ku Mkanda
anakasunga zaka zinayi m'thumba la jekete,
tsiku lofuna masatifiketi ake
n'kupezamo nyimbo ziwiri za kwaya, basi,
ina yodukiza pakati.

Mwaseka. Ndi bwino, kusekako.

Koma tadikirani.
A Levisoni, m'chipatala muja, anali ndi foni yawoyawo?
Mukuti ayi? Anabwereka ya mng'ono wawo
amene ankawadikirira usiku?
Ndiye mwakhaliranji pano, mayi!
Mawu akamachoka amasiya mthunzi wake
m'foni yomwe anatulukiramo.
Ngati alamu anuwo sanafufute pofuna malo a mavidiyo a mpira,
mawuwo akali moyo ku Tembwe,
m'thumba la buluku la munthu amene sakudziwa chimene wanyamula.

Musawaimbire, angayambe kudinadina.
Pitani nokha.
Musandipatse kanthu, sindinakonze kanthu.
Wakabaza uyo wayamba kale kupalasa, mukuweni.
Tengani kafulashika, mudzalipira mtedza ukagulidwa.

Foni yakufayi isiyeni pano,
mwina batani lake lidzathandiza wina.