Imayankhula Koma Siona

Pulintayi inafika pa kabaza kuchokera ku depoti
itakulungidwa m'bulangete la ku Joni.
Mlamu wanga Twaibu analemba pakatoni:
imasindikiza, imakopa, imajambula.
Ndinaiika pakona, pomwe zenera limayang'ana nsanja ya wotchi,
n'kuimangirira ku rauta ndi waya wabuluu.

Kompyuta yanga ndinaisambitsa chaka chatha
mavairasi a m'mafulashi a ana asukulu atanditopetsa.
Ndinaikamo Linakisi, yosagula, yosabera munthu,
ndipo tsiku lomwelo inaipeza yokha pulinta
ngati mbuzi yodziwa khola.
Pepala linatuluka lofunda.
Ndinati basi, zatheka.

Koma diso.
Diso lija la pansi pa chivindikiro, loyenda ndi kuwala kwake,
kompyuta inkati kulibe.
Sikana sinapezeke.
Pakamwa pakumveka, maso ayi.

Lachitatu kunabwera mayi Asiyatu a ku Namwera,
kalata yobadwira ya mwana ili m'jumbo ya shuga.
Bambo wake akuifuna lero,
sukulu ya kumeneko itseka kaundula Lachisanu.
Ya pafoni anaikana,
ati pali mthunzi wa chala pa dzina.

Ndinawapatsa mpando. Ndinati mphindi zisanu.

Kuitana kwa swala ya masana kunadutsa pamwamba pa malata
ine ndili m'zenera lakuda lija
momwe munthu amalemba ngati akunong'oneza.
Ndinafunsa: ali pa netiweki ndani?
Anayankha foni yanga, foni ya telala wa khomo linalo,
ndi iyeyo, pulinta, nambala yake yothera 104.
Ndiye ulipo. Nanga ukubisiranji maso?

Dalaiva ndinaikoka theka, bandulo n'kutha.
Ndinatuma mwana kukagula mayunitsi.
Mayi Asiyatu anasenda chinangwa chawo chophika
osandiyang'ana, ndipo zinandiwawa kuposa mawu.

M'kafayilo kena, kobisika pansi pa mafoda atatu,
ndinapeza mzere wotsekeredwa
ndi kachizindikiro konga mpanda wa nsungwi zinayi.
Ndinazula kampandako, n'kulemba nambala ija.
Zii.

Kenaka ndinakumbukira mlonda.
Ndinamuika ndekha pachipata cha kompyuta mwezi wa Juni
n'kumuuza kuti asalowetse mlendo aliyense,
ndiye iye, wokhulupirika mopusa,
ankabweza yankho lililonse la sikana pakhomo.
Ndinamutsegulitsa khomo limodzi lokha.
Chala chili m'mwamba kuti ndidine,

magetsi anazima.

Fani inaima. Kutentha kwa Mangochi kunalowa ngati mwini nyumba.
Telala anatukwana kuseri kwa khoma.
Mayi aja anangoti, ya ku Namwera yomaliza imanyamuka faifi.

Atabwera magetsi, 104 kunalibe.
Rauta imagawa manambala ngati kondakitala wa minibasi,
wofika msanga ndiye wakhala,
ndipo mpando wa pulinta unali utatengedwa ndi foni ya telala.
Ndinalowa mu rautamo, ndinaukhomera mpandowo msomali:
uwu ndi wa pulinta, lero ndi mawa,
kuzime, kuyake.

Ndinagoneka kalata pagalasi.
Mkati munalira kanthu ngati njuchi m'botolo,
kuwala kunanyamuka pang'onopang'ono pansi pa chivindikiro,
ndipo pa sikirini panayamba kutsika
chidindo, mzere wopindika pomwe pepala linakalamba,
kenaka dzina: Saujati,
wobadwira pachipatala cha boma, Loweruka.

Mayi anaimirira, nasuzumira.
Anati, ndi yemweyo.
Anawerenga makwacha atatu a mahandiredi,
n'kubweza kalata m'jumbo ya shuga,
nathamangira kabaza.

Ine ndinadula kapepala, n'kulembapo 104,
kampanda, mlonda, msomali,
ndinakamata ndi selotepi pambali pa pulinta,
chifukwa ndikudzidziwa:
pofika dzinja ndidzakhala nditaiwala.