Njerwa ya m'Jumbo

Loya wa pa boma ananditchulira mtengo wake ali chikhalire,
ndalama yoposa ngongole yomwe ndinkalondola.
Ndinathokoza, n'kutuluka mwaulemu
ngati ndikuchoka kwa apongozi.

Ndiye Lachitatu ndinatsamiritsa njinga pamtengo wa mango
pakhoti la Nkhotakota,
jekete yobwereka kwa Twaibu ikundiluma m'khwapa,
m'jumbo muli kope la masamu la Asiyatu
ndi njerwa imodzi.
M'manja ndinasamba katatu,
koma dothi la ku Sasani silituluka m'zikhadabo.

A Msosa anabwera ndi wawo wochokera ku Lilongwe.
Chingerezi chake chinkathamanga ngati basi ya usiku
yosaima pasiteji,
womasulira akuchitsatira pambuyo, kutola zakugwa.
Mawu anga ankalowa mwa womasulirayo ali onenepa,
n'kutuluka ataonda.

"Afunseni mafunso," anatero amajisitireti.
Ndinayamba: chaka chatha, mvula isanagwe,
ine ndi ana anga awiri tinaponda dothi...
"Bambo Bwanali, funso, osati nkhani."
Kumbuyo wina anaseka.
Ndinayambanso: uvuni tinauotcha masiku atatu osagona...
"Funso, bambo."

Lilime linauma ngati chikombole cha dzulo.
Ndinatsegula kope. Timizere tokhatokha,
kalikonse njerwa zana,
pakati pa masamu a mwana amene aphunzitsi anachonga.
Timizere sitifunsa.

Kenaka linabwera lokha.
A Msosa, nyumba yanu ya lendi kuseri kwa msika
ili ndi zipinda zingati?
"Zisanu."
Njerwa zake munazitenga kuti?
"Ndinagula kwa anthu ena."
Anthu enawo, chikombole chawo
chinang'alukanso pakona ngati changa?
Anachikhomanso ndi msomali wopindika?

Ndinaitulutsa m'jumbo, fumbi likugwera patebulo la boma.
Onani chipsera ichi.
Zonse zikwi khumi ndi ziwiri zinabadwa nacho,
ngati ana a bambo mmodzi.
Khoma lanu la kumbuyo mulibe pulasitala.
Tipite tikawerenge?

A Msosa anayang'ana loya.
Loya anayang'ana mapepala, anaimirira,
ananena zambiri zimene womasulira
anazifupikitsa kuti, "Akukana."
Amajisitireti analemba nthawi yaitali.
Sindikudziwa ngati ankalemba zanga.

Kalaliki anamata kapepala panjerwa, anaipatsa nambala,
anatenganso kope.
Mlandu aimitsa mpaka pa folotini mwezi wamawa.

Pobwerera jumbo inali yopepuka,
ikuuluka pachiwongolero.
Mawondo anayamba kunjenjemera nditadutsa kale pachipatala,
mochedwa, ngati mboni yosochera.

Asiyatu wandifunsa kope lake, mayeso ali pafupi.
Ndamuuza kuti lili m'kabati ya boma,
lagona pamodzi ndi njerwa yanga,
yoyamba mwa zonse zija
kulowa m'nyumba ya malata
dzina langa lili pamsana.