Pepala la Masiku Atatu

Foni inalira ndili pa makina,
ndikusoka timasiki ndi zigamba zotsala pa madiresi a Idi.
Anali Asiyatu, mlongo wanga wa ku Mandimba:
Achimwene, bambo akupumira pakamwa. Bwerani.

Ndinakwera matola, tinakwawa mapiri a Chowe,
Namwera tinangomuona pa windo.
Pa Chiponde ndinatulutsa chiphaso changa chakale,
chija chakuda m'mphepete ndi thukuta la zala.
Mkulu wa pa geti sanachigwire n'komwe.
Osati icho, madala. Pepala la mphuno lili kuti?

Twaibu wa kabaza anandikokera kuseri kwa golosale.
Njira ya m'chinangwa ilipo, anatero,
mbuzi zimadutsa tsiku ndi tsiku, palibe wozifunsa.
Ndinayang'ana njinga yake, kakhushoni kong'ambika.
Koma sabata yonse ndinali ndi kachifuwa kouma,
ndipo bambo mapapo awo anatha kale ndi fumbi la ku migodi.
Ndikawatengere chiyani m'mpweya wanga?
Ndinabwerera ku boma.

Makina anga anagona chikole kwa Che Ajibu wa hadiweya.
Kuchipatala mzere unakhota ngati njoka yothyoka msana,
aliyense ataima pa kabwalo kake ka penti.
Mtsikana wovala pulasitiki kuyambira kumutu mpaka kuphazi
anandiuza ndiyang'ane kudenga.
Kamtengo ka thonje kanalowa, kanalowabe,
mpaka kukagogoda kumene ndimasunga mayina a ana anga.
Misozi inatuluka yokha, nthawi yake isanakwane.

Mubwere mkuja, anatero.
Mamina anga anakwera galimoto ya boma, m'bokosi lozizira,
ulendo wokayezedwa kutali.
Mwini mamina anatsala pa khonde, wapansi.

Lachiwiri, adhana ya m'bandakucha itangotha,
Asiyatu anaimbanso. Sanalankhule.
Ndinangomva amayi akulira chapatali, ndi tambala.

Kwathu maliro sagona.
Anawasambitsa anthu ena.
Sanda anagula ndi mwana wa oyandikana nawo,
ine telala, mwini sizasi,
wodziwa kutalika kwa bambo popanda tepi.
Dzuwa litapendeka anawagoneka chammbali, nkhope ku kibula,
ine ndili pa mlatho wa Shire, ndikuwerenga malole.

Lachinayi pepala linabwera.
Mulibe kachirombo, mwayi wanu.
Pansi pake panali chidindo, ndi ola limene lidzafe.
Pepala lokhala ndi moyo masiku atatu,
ndipo limodzi linali litathera kale m'dirowa ya kalaliki.

Pa Chiponde anandiloza kamfuti pamphumi, kanalira pii.
Mkulu uja analiwerenga kawiri, nagwedeza mutu.
Mwaona? Zinthu zikakhala m'malo sitivuta.
Sindinamuyankhe. Naye anali ndi maso ofiira,
ndi botolo la sanitaiza lothiridwa madzi.

Twaibu anandipalasa mtunda wa pakati uja,
dziko lopanda mwini, la udzu ndi mapepala a shuga.
Sanafunse kanthu. Ndalama anakana.

Ndinapeza kamulu ka dothi lofiira,
mapazi a anthu ambiri atazungulira,
ena a sandasi, ena opanda nsapato.
Ndinafunafuna pamene pakanaima anga.
Amayi anandigwira dzanja, kenaka anakumbuka,
nalisiya, napukuta pa chitenje,
kenaka analigwiranso.

Pepala linafera m'thumba la malaya tili pa sadaka.
Pobwerera anafuna lina, la chinenero cha uko,
mphuno yomweyo, kamtengo kena.

Makina ndinawombola mvula itayamba.
Pepala lija lilipo, pansi pa kabokosi ka singano.
Dzulo ndinasowa polemba,
kuseri kwake ndinalembapo chiuno cha kasitomala,
mapewa, ndi kutalika kwa mkono.
Kutsogolo kukunenabe zoona zokhazokha:
ndinalibe kanthu.