Nsapato za Bambo Halliwell

Ndinalemba malamulo khumi ndi awiri
kuseri kwa envulopu ya bilu ya magetsi
n'kuimata pa firiji.
Dzuka faifi koloko. Imwa madzi. Thamanga.
Werenga masamba makumi awiri. Usagwire foni.
Pansi pake ndinasainira, Tiyanjane Kachingwe,
ngati pali wina wodzandizenga mlandu.

Unali mwezi wa Novembala, ku Barnsley.
Kuno faifi koloko ndi pakati pa usiku,
tambala kulibe, kuli alamu yokha
yolira ngati mwana wa eni.
Tsiku loyamba ndinathamangadi,
kuzungulira paki mamina ali chuchuchu,
nkhandwe ya m'tauni itaima pa bini
ngati ikufunsa kuti wakuthamangitsa ndani.
Lachiwiri bondo linakana.
Lachitatu mvula, ija yosadziwa kugwa, yosadziwa kukata.
Pofika Loweruka envulopu inali itagwera kuseri kwa firiji
ndipo sindinaitole.

Buku la mayeso a unesi
linasanduka poikapo kapu.
Usiku ndinkagona foni ili pamphuno,
chala chikukwera, chikukwera,
kuonera maukwati a anthu osawadziwa
mpaka maso kuchita mchenga.

Kuntchito, m'chipinda nambala naini,
muli Bambo Halliwell, amene anakumba malasha zaka makumi atatu.
Dzina langa amaliiwala katatu tiyi asanazizire.
La mwana wawo linapita kale.
Miyendo inaleka kuwamvera chaka chatha.
Koma ikangokwana seveni madzulo
manja awo amayamba kufufuza pa bulangete,
ndiye ndimawapatsa nyuzipepala yakale, burashi,
kachitini ka polishi wakuda,
ndi nsapato zimene sizidzapondanso msewu.
Amayamba ndi ya kumanzere, nthawi zonse.
Kulavulira pang'ono, kupukuta, kuiunika pa getsi.
Akamaliza amati ndikaziike pakhomo, ziyang'ane kunja.

Tsiku lina ndinawafunsa, kodi mawa muli ndi ulendo?
Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.
"Mawa ndi mawa," anatero. "Nsapato ndi lero."
Kenaka anafunsa ngati ndine mng'ono wake wa Maureen.

M'basi yobwerera ndinangoti duu,
kuyang'ana manja anga pa maondo.
Mutu wangawu ndi wa malonjezo,
umalemba, umasaina, umalumbira pali Mulungu,
koma manja awa sindinawaphunzitsepo kanthu.

Usiku umenewo sindinalembe lamulo.
Ndinaika nsapato zanga pakhomo, zoyang'ana kunja.
Ndinathira madzi mu ketulo.
Ndinatsegula buku pa mutu wa impso
n'kulisiya chotsegula, supuni itagona pakati.
Foni ndinakaigoneka kukhitchini,
ndipo amene anavutika ngati mwana womuletsa kuyamwa
ndine.

Tsopano ndi Febuluwale.
Sindithamanga, ndisaname. Ndimayenda
kukafika pa shopu ya Bambo Iqbal n'kubwerera.
Ndimawapeza akukweza chitseko chachitsulo,
timagwedezerana mitu, mpweya uli tolotolo ngati utsi.
Ketulo ikamawira ndimawerenga tsamba limodzi,
masiku ena awiri,
Lachinayi lapitali theka lokha
chifukwa ndinachezera kulira maliro a pa foni,
azakhali anga ku Ntcheu,
nyimbo zikuduka ndi netiweki.
M'mawa mwake sindinayende.
Koma nsapato ndinali nditaziika,
ndipo zinandidikira osandinyoza.

Dzulo kunayera ndisanafike pa shopu.
Ndinaona kuti chitseko chija n'chobiriwira,
miyezi itatu ndikuchiyesa chakuda.

Bambo Halliwell sadziwa kuti ndinawabera.
Madzulo ano ndiwapititsira polishi watsopano,
wakale uja watsala wa m'mbali mokha,
ndipo seveni koloko sidikira munthu.