Limu ya Njinga

Ndinaiwotcherera ndine,
limu ya njinga yakufa,
pa chitsulo cha chikwangwani kuseri kwa mafulati a Matapi.
Masipoko ndinazula ndi pulayala.
Poyeza ndinadalira diso langa lokha,
n'chifukwa chake inapendekera kumanzere.

Ndaona anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
miyendo ngati nsungwi, mawondo otuwa,
mpira wakewo wophoka, wogula pa kaunjika ku Mupedzanhamo.
Ankaponya mpaka mdima,
mpaka amayi a pamwamba atatsegula zenera
n'kumukalipira m'Chishona.

Kenaka mlongo wanga anapeza unamwino ku Adelaide.
Banja lathu ndi la miyendo:
bambo anachoka ku Ntcheu wapansi kudzaphikira azungu kuno,
mdzukulu wawo anakwera ndege atavala juzi yanga.

Zaka khumi ndi chimodzi, zii.
Makhadi a Khirisimasi okha.

Tsiku lina ku Siyaso, magetsi atathima,
mnyamata wanga wogwira nyundo anandipatsa foni.
Taonani, mdala, dzina lanu ili pamsana pa munthu.
MKWAPATIRA, nambala folotini.
Wolengeza analiluma dzinalo ngati mwala mumpunga.

Kwawo kukamada kuno dzuwa lili pamutu,
ndiye basiketibolo ndinkaonera ndi chigoba cha kumaso chili pamphumi,
geti la kasitomala likuzizira pansi.
Chaka choyamba anangokhala pa benchi,
kupatsira anzake matawulo, kuwomba m'manja.
Ndinagula mabandulo kuti ndione mwana akuwomba m'manja.
Chaka chachitatu ku Townsville
anamwetsa mapointi twente seveni usiku umodzi,
ine ndinakuwa mpaka ogulitsa misomali anathamangira
poyesa kuti ndadzidula chala.

Atavala zobiriwira ndi zachikasu za dziko lija,
ataimba nyimbo ya fuko lawo dzanja pamtima,
sindiname, china chake chinandikhala pakhosi.
Ndinazimitsa foni.
Ndinayatsanso.

Bondo linaduka Loweruka.
Palibe anamukhudza, anangotera molakwika,
ndipo holo yonse inati chete
ngati msika apolisi akafika.
Chitsulo ndimachidziwa, chikathyoka ndimalumikiza,
koma pamsoko sipaiwala.
Anabwerera patatha chaka, akuthamanga mowerengera.
Nyengo imodzi ku Poland, m'chipale, osamva chinenero.
Nyengo ina kwawo, mphindi zisanu ndi imodzi pa masewero.
Pomaliza anamupatsa maluwa ndi jezi ya mu galasi,
ali ndi zaka makumi atatu ndi zitatu,
nkhalamba kale pa ntchito yawoyo.

Disembala wathayu kombi inaima pa Mbare Musika,
munatsika mzimayi wowerama pakhomo.
Malume, muli bwanji, anatero,
Chichewa chake chikutsimphina ngati mwini wake.

Sanafune tiyi. Anafuna limu.

Ilipobe, dzimbiri lokhalokha,
pansi pake mayi wina amagulitsa tomato.
Tinamupempha asunthe tebulo.
Ana anasonkhana, wina anabweretsa mpira.
Ndaona anaima, anapinda bondo labwinolo, anaponya.
Kwee! Unagunda chitsulo n'kugwera m'ngalande.

Anaseka mpaka kugwira chiuno.
Akuti makochi asanu ndi awiri, malume,
madokotala a masewero, makamera, makompyuta,
onse kulimbana ndi chigongono changa
chifukwa mpira wanga umapita mopendeka.
Palibe anadziwa kuti unapendekera kuno.

Kamtsikana kopanda nsapato kanatola mpira m'matope,
kanaupukuta pa diresi,
kanaima pomwe iye anaima.
Kanaponya osayang'ana aliyense.

Unalowa.

Mawa ndibwera ndi makina ndiiwongole, ndinatero.
Ndaona anandigwira mkono, dzanja lake lalikulu kuposa langa.
Isiyeni.