Mlonda Wina

Usiku umodzi chikwanje chinagwa pawiri:
pa msana wa galu wa ku Eliya 43
ndi pa khosi la bambo anga.

Galuyo dzina lake ndi Buluno.
Lilongwe yense akulidziwa.
Chithunzi chake chinathamanga m'mafoni
kuposa mbiri yoti mafuta afika mu tawuni:
maso onyowa, bandeji woyera mbee,
khutu limodzi lotsala.
Mu minibasi mayi wina anapukusa mutu,
"Anthu alibe chisoni, kanyama kosalakwa!"
Ine ndili pambali pake phee,
pamiyendo jumbo yochokera ku mochale,
m'katimo malaya a bambo,
magazi atauma ngati dothi la katondo.

M'nkhaniyo bambo analibe dzina.
Anali "mlonda wina",
mzere umodzi kumapeto,
pamene wowerenga wayamba kale kuyasamula.

Ndiye imani ndikuuzeni.
Anali a Damiano Chadzunda, kwawo ku Mitundu.
Zaka khumi ndi zinayi pa geti lomwelo,
kunyamuka ku Kauma wapansi dzuwa likapendeka,
chibonga m'khwapa, tiyi wopanda shuga m'botolo,
jekete lomwe zipi yake inafa kalekale.
Ankadziwa kusoka nsapato.
Ankaimba besi ku mphakati,
kulakwitsa mawu koma osatsitsa khosi.
Ankaopa achule. Ee, mlonda wathunthu.

Ndalama za galu zinakwana tsiku lomwelo,
zina zochokera kutsidya kwa nyanja.
Za bokosi tinasonkha masiku atatu,
mbale ikuyenda khomo ndi khomo
n'kubwerera ndi timapepala tofota ngati masamba a fodya.
Abwana anatuma dalaivala ndi thumba la ufa.
Ku polisi anatifunsa ngati tili ndi ya mafuta.

Mnzanga Nasimelo wa ku saluni anati,
"Usadabwe mwali, galu safunsidwa mafunso.
Munthu akafa amayamba kaye aweruzidwa:
kodi sanagone pa ntchito?
Kodi akubawo sanali anzake?"
Sananame.
Manong'onong'o amenewo ndinawamva pasiwa pomwe,
kuseri kwa nyimbo.

Patapita sabata ndinapita kukatenga malipiro otsala,
masiku khumi ndi asanu ndi anayi.
Ndinavala chipewa chawo cha ulusi chija.
Mumtima ndinanyamula mwala.
Ndinkafuna ndimuone Buluno wotchukayo,
ndimude ndi maso anga.

Anabwera akutsimphina.
Ananunkhiza mapazi anga, chitenje, manja,
kenako anakweza mutu ku chipewa
n'kutulutsa kulira kwina kochokera pansi pa nthiti,
kumene sindinakumve kwa wina aliyense wa mumpandamo.

Mlonda watsopano anati,
"Dzuwa likapendeka amagona apa,
mphuno pansi pa geti, kuloza njira ya ku Kauma.
Nyama ya m'chitini akuikana."
Ndinakumbukira kuti bambo ankasiya theka la chigumu,
amvekere n'cha mnzanga wa usiku.
Iwo sankamuitana Buluno.
Ankamuti Tionenji.

Ndinayesa motsitsa mawu: "Tionenji."
Mchira unagunda pansi kawiri.

Mwala uja ndinasowa pouponya.
Zilonda zake n'zenizeni, ulusi wake ndinauwerenga,
ndipo amene anamulirira sanalakwe.
Chondipweteka n'choti misozi ya mzinda uno
ili ngati madzi a pa mpopi wa kwathu:
amabwera kamodzi, usiku,
n'kutha ndowa zambiri zikadali pa mzere.

Envelopu inatuluka ndi mtsikana wantchito.
Ndinawerenga nditaima pomwepo.
Anadulapo ya tochi
yomwe inasowa usiku uja.

Geti linatsekeka lokha, la magetsi.
Ndinayenda mpaka pa mlatho wa Lingadzi
ndisanacheuke.
Kumbuyo kunali zii,
koma m'makutu mwanga galu anali akuitanabe
munthu amene nyuzi inamutcha wina.